Mpweya wa a Blackson

Mipando yonse anali ataitulutsa panja, ndipo pabalaza panakula ngati si m'nyumba mwawo. Mayi Veronica anakhala pamphasa pakona, miyendo atatambasula, msana atatsamira khoma. Pamene pankakhala kabati panatsala utoto wowala kusiyana ndi khoma lonse, ndipo pakati pa utotowo panali msomali wopindika. Chiyambire m'mawa ankangoyang'ana msomali umenewo. Sankakumbukira amene anaukhoma, ngakhale chimene ankapachikapo.

Amuna awo, a Blackson, anali atamwalira dzulo lake kuchipatala. Thupi linkayembekezeka kufika kuno ku Bangwe chakumadzulo, kuika kunali mawa. Amayi a mumphakati anadzaza m'nyumbamo, akuimba mosinthana. Aliyense wobwera kudzakhuza ankayamba kulira ali kumpanda, n'kulowa chowerama, n'kuwagwira dzanja. Iwo ankapereka dzanjalo. Misozi sinkabwera. Sikuti ankaibweza ayi, kunalibe choti abweze. M'chifuwa mwawo munali ngati mtondo umene autsuka n'kuuvundikira kuseri kwa nyumba. Mlamu wawo, achemwali awo a malemu, amene anafika m'mawa kuchokera ku Phalombe, ankawaba ndi diso, kudikira kuti mwina alira.

Dzuwa litapendeka kunalowa mayi Regina, mnzawo wa kuubwana, akukoka mwendo wawo wa nyamakazi. Analira pang'ono monga mwa mwambo, kenako anadzipanikiza pamphasapo n'kunong'ona.

"Amake Phoebe, nanga nyimbo ija?"

Mayi Veronica anati akuikumbukira. Kunena zoona, ndicho chinthu chokha chimene ankachikumbukira bwinobwino.

Nyimboyo anaiphunzira atatuwo, iwo, a Blackson ndi mayi Regina, ali achinyamata kumishoni ina ya kufupi ndi malire, kumene makolo awo anakhazikika atachoka ku Mozambiki. Masiku amenewo Misa inali italowa kale m'Chinyanja, ng'oma ndi maseche zikulira m'tchalitchi, Chilatini chitatsala m'kamwa mwa okalamba okha. Koma panali wansembe wina wa ku Ulaya, Bambo Anselimo, amene ankatsalira ndi ana ochepa Misa ikatha. Ankawauza kuti nyimbo imene akuwapatsayo ndi yakale kuposa chimanga m'dziko lino. Ati kalekale kwawoko oimba onse ankatsata mzere umodzi, ngati anthu ondondozana m'kanjira ka kumunda, mpaka amonke ena, amuna odzipatula kuti azipemphera m'matchalitchi amiyala, anayesa kusanjika mawu pamwamba pa mawu anzake, aliwonse oyenda njira yakeyake koma okumana pamphambano. Ati olemera ankasiyira amonkewo minda kuti akadzafa aziimbira mizimu yawo, pamene osauka ankamvera ataima kukhomo.

Inali nyimbo ya mawu atatu. A Blackson anapatsidwa apansi. Mbali yawo yonse inali mawu awiri okha a Chilatini, onena za kuwala kosatha, koma ankawakoka pang'onopang'ono, liwu limodzi kuligwira mpaka womvera kuganiza kuti aiwala lotsatira. Pamwamba pake pankakwera mayi Veronica, pambuyo pawo mayi Regina, mawu a awiriwo akupiringizana. Bambo Anselimo ankati mwamunayo ndi phesi la chimanga, akaziwo ndi nyemba zoyanga. Phesi likapanda kuima, nyemba zimakwawa pansi.

Wansembeyo ali moyo ankakweza chala kusonyeza pamene mayi Veronica alowere. Atamwalira, chala chinasowa, ndipo papepala panalibe kanthu chifukwa onse anaphunzira ndi khutu. Choncho mayi Veronica anazolowera kudikira chinthu china. A Blackson ankayamba okha, kugwira liwu loyamba mpaka mpweya kutha, ndipo pamene ankakoka mpweya wina, pakampata kameneko, m'pamene iwo ankalowera. Sanauzepo munthu. Zinali ngati mmene mkazi amadziwira mapazi a mwamuna wake kunja kwa chitseko, si nkhani yoti n'kukhalira pansi kufotokoza. Mayi Regina ankangotsata mnzawo basi.

Atakwatirana anabwera kutauni, a Blackson n'kulowa ntchito pafakitale ina ya nsalu, ndipo patapita zaka mayi Regina nawo anasamukira ku Bangwe komweko. Fumbi la thonje linkawadya a Blackson m'chifuwa chaka ndi chaka. Mpweya unkafupika, akazi awo n'kumalowa msanga, nyimbo nayo n'kumafupika popanda wozindikira. M'zaka zomalizazi akamakoka mpweya kunkamveka kamluzu, kakuti fyii, komveka ngakhale kwa olira okhala patali.

Ankaimba pamaliro pokha. Akamwalira munthu wa kumishoni kwawo kuja, kaya ku Ndirande, kaya ku Zingwangwa kapena ku Chinyonga, abale ankatumiza uthenga, atatuwo n'kukwera minibasi. Panalibe womva tanthauzo lake, koma pobwerera kumanda anthu ankati uyu ndiye waikidwa ngati mwana wa kwathu. Achinyamata a kwaya ankaitcha nyimbo ya njuchi. A Blackson sankakwiya nazo. Ankangoti iwo alibe munda wosiyira amonke, munda wawo ndi kadimba ka mpiru kuseri kwa bafa, ndiye amene adzawaimbire ndi akazi awo omwewa, ulere. Ankanena moseka. Koma kuchipatala ananenanso osaseka, ndipo mayi Veronica anavomera.

Tsopano phesi linali kumochale, nyemba ziwiri zitakhala pamphasa.

Mayi Regina anati alankhula kale ndi Dan, mtsogoleri wa kwaya ya kuparishi. Poyamba Dan anati abweretsa kiyibodi, poti iyo ingagwire liwu limodzi tsiku lonse osatopa. Iwo anamufunsa ngati magetsi adzawasenza pamutu kupita nawo kumanda, n'kumukumbutsa kuti malemu ankati chipangizo chimenecho chilibe chifuwa. Ndiye Dan anavomera kupereka anyamata ake a besi, oimba mawu apansi, kuti aime m'malo mwa a Blackson. Chotsala chinali chakuti mayi Veronica atuluke pang'ono kuseri kwa nyumba akayeserere limodzi.

Mlamu uja anali atatchera khutu.

"Namfedwa satuluka, ndipo saimba," anatero. "Anthu adzati mwakondwa, mlamu. Ayamba kale kunena kuti maso anu ndi ouma."

"Ananena okha achimwene anuwo," anatero mayi Regina.

"Achimwene ankanena zambiri. Ankanenanso kuti adzagula galimoto."

Amayi ena anabisa pakamwa m'zitenje. Mayi Veronica anafufuza mumtima mwawo mkwiyo woti atsutsire, sanaupeze. Anangoti lero sadzuka pamphasa, monga mwambo ukunenera. Za mawa sananene kanthu, ndipo mlamu anayesa kuti nkhani yatha.

Choncho mayi Regina anatuluka okha. Kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi kadimba kaja, Dan anasonkhanitsa anyamata ake. Zenera la pabalaza linali lotsekula, ndipo amayi a m'nyumba akapumira kuimba, za kunjako zinkalowa zidutswazidutswa. Mayi Regina ankawapatsa liwu, anyamatawo n'kuligwira, koma silinkakhalitsa. Mwana wa kuno akamva liwu limodzi likuyenda lokha amalimvera chisoni, amafuna kulipezera anzake. Wina ankakwera pang'ono, wina n'kutsika, posakhalitsa n'kusanduka nyimbo ya Lamulungu lililonse, yokoma ndithu koma ina.

"Iwe wa jekete, wakutuma ndani kumwambako?" anamveka mayi Regina. " Tsika. Khala pamene ndakuikapo ngati fuwa."

"Koma amayi, ikuuma."

"Iume. Zonona tibwera nazo ife."

Vuto lina linali mpweya. Anyamatawo ankathera pamodzi, liwu n'kuduka, iwo n'kuyang'anizana akubisa kuseka. Dan anali mwana waulemu, ndipo ankafunitsitsa kuti pamaliro a bambo amenewa pasaoneke cholakwika. Anatenga nzeru ya kukwaya: aliyense azipuma nthawi yakeyake, mobisa, anzake akadali kugwira, kuti liwu lisaduke ngakhale pang'ono. Atayesa, linayenda losalala ngati waya wa magetsi. Mayi Regina anayamikira, anati ngakhale malemu sankafika pamenepo. Mayi Veronica anamva zonsezi pazenera, koma zinangowadutsa monga mmene ankawadutsira mawu a opepesa.

Anamvanso anyamata akuuza munthu wina kuti agogo mukutisokoneza, ndipo anadziwa kuti ndi a Malizani, mnzawo wa a Blackson wa kufakitale. A Malizani sanali a kwaya iliyonse, makutu awo anagonthera m'phokoso la makina, koma ankatsatira atatuwo kumaliro onse atanyamula ambulera. Mayi Regina anati asiyeni, akung'ung'udza chapansipansi, sakulakwira munthu.

Kenako kunamveka galimoto ikukwera movutikira msewu wamiyala, kulira kunabuka kumpanda, ndipo kuyeserera kunathera pomwepo.

M'mawa mwake zinthu zinkachitika motsatana, mayi Veronica n'kumapita kumene akuwatsogolera. Anawamanga duku lakuda. Mwana wawo Phoebe anawapatsa tiyi, anamwa osadziwa ngati muli shuga. Poona nkhope anaona kuti kolala ya amuna awo yapindika mbali imodzi, anaiwongola, n'kusunthira wotsatira. Kutchalitchi kwaya inaimba bwino, kiyibodi ikulira, ndipo wansembe wachinyamata analalikira mawu amene iwo ankawamva ngati wailesi ya nyumba yoyandikana. Anakwera lole. Manda anali pamtunda, poonekera madenga a ku Limbe, dothi lofiira, dzuwa la Okutobala likuwotcha paliwombo. Anawakhazika pansi pafupi ndi dzenje, mlamu kumanja, Phoebe kumanzere.

Bokosi litatsitsidwa, wansembe atawaza madzi odalitsa, woyendetsa mwambo analengeza kuti adzukulu asanakwirire pali nyimbo imene malemu anapempha. Mayi Veronica anagwira phewa la Phoebe n'kuyamba kudzuka. Mlamu anawagwira nsonga ya chitenje.

"Mlamu."

"Ndikhalanso pompano," anatero mayi Veronica. "Siitalika."

Dzanjalo linagwirabe pang'ono, kenako linataya. Mlamu anayang'ana kumbali.

Anaima pamutu pa dzenje, mayi Regina pambali pawo akununkha mankhwala opaka mwendo. Dan anakweza dzanja, anyamata ake n'kuyamba. Liwu linatuluka lolimba, lokhazikika, lodzaza. Azibambo a kumbuyo atamva kuti ndi liwu limodzi lokha, losavuta, analilandira, poti kuno nyimbo saisiyira anthu ochepa. Adzukulu atatsamira mafosholo awo anayamba kung'ung'udza nawo. Linatsika mtunda wonsewo mpaka nthaka inkamveka kunjenjemera m'mapazi. Njuchi zenizeni.

Mayi Veronica anatsekula pakamwa, liwu lawo loyamba lili kale palilime, n'kudikira.

Liwu la amunawo silinaduke.

Anadikirabe. Dan anawayang'ana n'kugwedeza mutu. Kenako anakweza nsidze. Kenako anawalozera ndi dzanja poyera, ngati akuwatsekulira chitseko. Mayi Regina anawagunda ndi chigongono n'kunong'ona kuti lowani, amake Phoebe. Iwo ankamva, ankaliona dzanjalo, ndipo tsopano anakumbukira nzeru ya Dan imene inawadutsa pazenera dzulo. Mutu unkawauza kuti lowa paliponse, palibe adziwe. Koma thupi silinkadziwa khomo lina. Zinali ngati kuima m'mbali mwa msewu wa ku Limbe, galimoto zikungotsatana popanda mpata wowolokera.

Sanachite manyazi, sanachitenso mantha. Anangoima pakamwa pali potsekula, akuyang'ana nyerere imene inkayenda pachivindikiro cha bokosi. Anaganiza kuti mwina nyimboyi yapita ndi mwini wake, ndipo zimene analonjeza kuchipatala zakanika. Ganizolo silinawapweteke. Linangokhala pamenepo ngati msomali uja wa pakhoma.

Mayi Regina sakanayamba okha, chifukwa mbali yawo ankaidziwa potsata mnzawo. Amayi okhala pansi anayamba kunong'onezana kuti chisoni chawagwira pakhosi, wina akawakhazike. Azibambo a kumbuyo ataona kuti nyimbo sikupita kulikonse anayamba kusiya mmodzimmodzi. Adzukulu anawongoka n'kugwira mafosholo. Anyamata a besi anayang'ana Dan, dzanja la Dan linatsika pang'onopang'ono, nawo anasiya. Woyendetsa mwambo anakonza kukhosi kuti apitirize.

Koma liwu limodzi linatsala, lopyapyala, lonjenjemera, kuseri kwa mulu wa dothi. A Malizani anali atatsinzina, ambulera itapanidwa m'khwapa, ndipo sanazindikire kuti anzawo asiya. M'chigulu muja ankapuma monga apumira masiku onse, koma sankamveka. Tsopano anatsala okha. Anakoka liwulo mpaka linatha ngati ulusi, kenako chifuwa chawo, chodya thonje lomwe lija, chinakoka mpweya.

Fyii.

Mayi Veronica analowa.

Sanaganize kaye. Mawu anangotuluka, ouma, aang'ono, okalamba, n'kuyamba kukwera njira yawo yakale. Mayi Regina anatsata pambuyo. A Malizani anatsekula maso, n'kupeza kuti anthu onse akuwayang'ana ndipo asenza okha amayi awiri. Anatsala pang'ono kusiya, koma mayi Regina anawaopseza ndi chala osadula nyimbo, iwo n'kutsinzinanso. Zaka zonse zonyamula ambulera zija njira ya mawu apansi inali itawalowa, ngakhale pena ankaphonya n'kubwerera. Dan sanakwezenso dzanja. Anamvetsera kaye, kenako anakodola anyamata ake kuti alowe chapansipansi, n'kuwalozera nkhalambayo kuti aziitsata, azipuma pamene ikupumira. Azibambo ena anabwereranso. Choncho a Malizani akamakoka mpweya, mtunda wonse unkakhala zii kwa kamphindi, mawu a amayi awiriwo n'kutsala akulendewera okha, mpaka pansi pabwerenso.

Nyimboyo inali yaifupi, monga mmene a Blackson anaisiyira. Mawu atatuwo anakumana pamphambano yomaliza n'kutha.

Mayi Veronica anakhalanso pansi monga ananenera. Mlamu anali akulira m'chitenje, ndipo osawayang'ana anatambasula dzanja n'kuwakonzera duku limene linali litasendera kumbuyo. Adzukulu anayamba ntchito yawo. Dothi loyamba linamveka pabokosi, lachiwiri, kenako linkangogwera pa dothi linzake. Maso a mayi Veronica anali ouma ngati m'mawa.

Mayi Regina anadzitsitsa pansi movutikira, akubuula.

"Munatichedwetsa, mayi. Mwendo wangawu ukanandigwetsera m'dzenje momwemo, a Blackson n'kudabwa kuti ndawatsatiranji."

"Sankapuma."

"Ndani?"

"Anyamata aja."

Mayi Regina anawayang'ana osamvetsa. Kenako anayang'ana kwa a Malizani, amene anali atakhala pamwala akutsokomola, Dan atawagwirira ambulera. Anangoti oo.

Mulu wa dothi unkakwera. Anthu anayamba kuitanidwa kudzaika nkhata, kwaya n'kuyamba nyimbo yodziwika imene aliyense anailandira ndi mawu ake onse. Mayi Veronica anameza malovu, n'kumva kuti pakhosi pauma. Linali ludzu, ludzu wamba, chinthu choyamba chimene thupi lawo linapempha chichokereni kuchipatala. Anakodola Phoebe n'kumufunsa ngati pali amene wanyamula madzi, ndipo anati akawapeza ayambe wapatsa a Malizani.